Udzu m'tayala pa njira ya ku Nkaya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene agogo anga aamuna anamwalira, ndipo m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Liwonde m'mbali mwa Shire, munalibe mtsikana wina wodziwa kupalasa njinga koma ine. Sindikudzitama ayi, ndi mmene zinalili. Njingayo anaisiya bambo popita ku Joni, chinjinga chakuda, cholemera ngati mwana wa ng'ombe. Pachishalo sindinkafika, choncho ndinkalowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo chapakati n'kumapalasa chopendekeka. Azimayi a kuchitsime ankati ndidzasowa wondikwatira. Ine ndinkangowaimbira belu n'kudutsa.

Agogo anatisiya m'mamawa, mwezi wa Okutobala, nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Kwathu ndife Asilamu, ndipo maliro sagona. Ashehe ananena kuti akaika ikangotha swala ya masana, dzuwa likapendeka. Mwana wamwamuna wa agogo anali mmodzi yekha, mlongo wawo wa amayi, amene tinkawatchula m'Chiyao kuti amjomba Twaibu, ndipo ankagwira ntchito ya njanji ku Nkaya. Agogo ali moyo ankanena mobwerezabwereza kuti wodzatsikira m'manda kuwalandira ndi iyeyo, osati wina. Tsono wopita ndi uthenga panalibe. Amuna onse anali kokumba, ndipo nthaka ya chilimwe imafuna manja ambiri.

Amayi anandikokera kuseri kwa nyumba, maso atatupa. Anandimanga chitenje molimba pamwamba pa diresi, poti masiku amenewo mkazi kuvala thalauzi unali mlandu. Anati ndisayerekeze kudzera kumsewu waukulu. N'kozungulira, kuli malole, komanso kumaima anyamata ofunsa khadi la chipani, limene ine ndinalibe. Ndidzere njira ya m'tchire, ya ogulitsa nsomba.

Njirayo ndinali ndisanaiyendepo mpaka kumapeto, koma sindinade nayo nkhawa. Ogulitsa nsomba ankadutsamo m'mawa uliwonse kuthamangira sitima ku Nkaya, ndipo madengu awo ankadontha. Ndikafika pamphambano ndinkatsika n'kuyang'ana mbali imene kuli timadontho pafumbi ndi ntchentche zobiriwira zija. Kumeneko n'kumene ndinkalowera.

Inali njira yoti galimoto sinapondemo chilengedwere. Inkadutsa m'minda imene anthu ankasosa, kenako n'kulowa m'nkhalango ya tsanya, mitengo ili mbee, yopanda tsamba, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Timiyala tinkathetheka kunsi kwa matayala. Potsetsereka ndinkasiya kupalasa, mphepo n'kumandiumitsa misozi. Ndinene zoona, agogo ndinkawalira, koma ulendowo unkandikomera.

Nditangowoloka kamtsinje kouma, tayala lakumbuyo linangoti fwee. Munga wake unali wautali ngati chala. Pampu inalipo, koma chomatira ndinalibe. Ndinatukwana mungawo mawu amene amayi akanawamva akanandipotokola khutu, kenako ndinachita zimene ndinkaona ogulitsa nsomba akuchita. Ndinatenga sipanala m'kachikwama ka kunsi kwa chishalo, ndinakanula tayala mbali imodzi, ndinasolola tchubu, n'kuyamba kupota udzu wouma n'kumaukanikizira m'katimo mpaka tayala linalimba. Zala zinachekekachekeka. Njinga inkayenda modumphadumpha, koma inkayenda.

Ku Nkaya ndinafika dzuwa lisanafike pamutu. Amjomba ndinawapeza panjanji ndi anzawo, akukonza miyala. Ndinagwada n'kuwauza kuti agogo atisiya, ndipo akaika lero lomwe. Anaika piki pansi pang'onopang'ono, anavula chipewa, anati, "Innalillahi," mawu amene Asilamufe timanena tikamva za imfa. Kapitawo wawo anawalola kupita, koma sitima yolowera kwathu tsiku limenelo kunalibe. Njinga yanga ija ndiyo inali sitima yawo.

Anakwera pachishalo, ine pakaliyala. Kumtima ndinali nditayamba kale kuona mmene tikalowere m'mudzi, azimayi a kuchitsime aja akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Koma titangolowa m'nkhalango udzu uja unaphwatalala, mkombero wachitsulo n'kuyamba kugunda miyala. Tinatsika, tinakanikiziramo wina, tinakweranso. Pasanapite patali unaphwatalalanso. Amjomba atayesa okha, tayala linapirira. Udzu umanyamula munthu mmodzi, awiri iyayi.

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine, kenako anagwira mahandulo n'kuyamba kukankha. Anati tiyende wapansi tonse, zotsalazo adziwa ndi Mulungu. Ine ndinadziwa kuti wapansi tikapeza manda atakwirira kale. Ndinaima pakati pa njira.

"Amjomba, kwerani nokha. Ine ndibwera pambuyo."

"Ndikusiye m'tchire muno wekha? Amayi ako ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti ndikubwera. Anandituma kudzatenga inu. Mukapanda kufika, ndiye kuti ine ndayendera chiyani?"

Anati ndili ndi pakamwa ngati amayi anga. Kenako anadandaula kuti njirayo saidziwa, poti kumudzi ankabwera pasitima, ndipo madontho a nsomba aja anali atauma. Ndinawaonetsa mkukuluzi wa tayala langa la udzu pafumbi, wotakata ndi wokhotakhota, wosiyana ndi wa njinga ina iliyonse. Ndinati angoutsata, ukawafikitsa pakhomo. Anandiveka chipewa chawo, anandipatsa botolo la madzi, ananyamuka. Anacheuka kangapo mpaka mitengo inawabisa.

Pamenepo m'pamene mantha anandigwira. Nkhalango imene ndinkaidutsa m'mawa ndikumva kukoma inasanduka yaitali. Anyani ankakuwa patali, mchenga unkatentha kumapazi, madzi anatha. Ndinalinso ndi kamkwiyo, poti ntchito yonse ndinagwira ndine, koma wolowa m'mudzi panjinga akhala wina. Ndinatola ndodo n'kumayenda ndikuimba mokweza kuti chilichonse chili m'tchiremo chidziwe kuti kukubwera munthu.

Ndinafika dzuwa likulowa. Amuna anali atabwerako kumanda, atakhala pamikeka. Palibe amene ndinamufunsa kanthu, ndinangofufuza amjomba ndi maso. Anali pakati pawo, thalauzi lili psuu ndi dothi mpaka m'mawondo, m'zigongono momwemonso. Munthu woima pamwamba pa manda sadetsedwa chotero. Ndinangokhala pansi pomwepo.

Amjomba anadzuka pamaso pa ashehe ndi amuna onse aja, anaitana amayi, anati, "Apatseni madzi Che Asiyatu, atopa." Chibadwire palibe amene ananditchulapo ndi ulemu wa munthu wamkulu wotero.

Lero ndakalamba, ndipo njinga ndinasiya chifukwa cha mawondo. M'moyo ndatumidwa maulendo ambiri, ndatumanso ana anga ndi adzukulu. Chimene ndinaphunzira m'nkhalango ya tsanya n'chakuti wotumidwa sayesedwa ndi mmene walowera m'mudzi, koma ndi kufika kwa amene akufunikayo. Nthawi zina ntchito yako imatha ndi kutsika, kupereka mahandulo kwa mnzako, iwe n'kutsala m'fumbi. Ndinatsika, ndipo agogo anga analandiridwa ndi manja a mwana wawo.