Achimwene pa mzere woyamba

Achimwene anafika ku Mvurwi bambo titaika kale, anangopeza sadaka. Iwowo anachoka pakomboni pathu ife tikadasankha fodya, n'kukalowa usilikali ku Mangalande. Kumeneko anawatumiza ku Afghanistan kukaphunzitsa anyamata kugwira mfuti, ati dzikolo likhale ndi asilikali akeake. Amayi ankanyadira mpaka kutopetsa anthu pampopi. Ankati azungu anasankha mwana wawo chifukwa ndi Msilamu, amadya ndi kuswali limodzi ndi anyamatawo.

Tsiku la sadaka amuna anayala mikeka panja, pafupi ndi balani yakale ya fodya, poti mzikiti wathu ndi kachipinda chabe. Kwathu mwana wamkulu wa malemu amaima pa mzere woyamba, kumbuyo kwa shehe. Achimwene anakana. Amalume, anthu osamva zonena mnzawo, anawakoka dzanja. "Iwe, usatichititse manyazi. Maliro sunawaone, apanso ukufuna kubisala?" Achimwene anapita kutsogoloko thukuta lili kamukamu.

Ine ndinali kophika, ndinaona zonse. Msuweni wathu anachedwa ndi kusenda mbuzi. Anabwera chothamanga, n'kuima kumbuyo kwenikweni kwa achimwene, mpeni n'kuuponya pansi. Unalira pamwala. Achimwene anatembenuka. Chigongono pakamwa, bondo m'mimba, munthu uyo pansi. Anamukhalira pachifuwa n'kumamenyetsa mutu wake panjerwa. Mano anagwera pamkeka. Amuna anavutika kuti awakanganule, shehe mkanjo wonse magazi okhaokha.

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawatsatira kuseri kwa balani n'kuwalalatira. "Zimene munakaphunzira ndi zimenezi? Kupha abale pa sadaka ya bambo anu? Bwererani konko!"

Sanandiyang'ane. Anangoyamba kunena za mnyamata wina wa kumeneko amene manja ake ankanjenjemera, chipolopolo chilichonse kupita kumbali. Iwo ankamugwira chigongono tsiku ndi tsiku mpaka anadziwa. Poswali mnyamatayo ankaima kumbuyo kwawo. Tsiku lina masana aphunzitsi atavula zodzitetezera pachifuwa kuti adye, mnyamata uja anabwera chakumbuyo n'kuyamba kuwombera. Amene anakhala kumanja kwa achimwene anagwera m'mbale. Wa kumanzere chipolopolo chinamutulukira pakhosi, magazi ake n'kuwathira iwo kumaso.

"Ine anandiyang'ana n'kundidumpha, chemwali," anatero. "Enawo sanaphonye ndi mmodzi yemwe. Ndinamuphunzitsa ndine."

Chisoni chinandigwira, koma msuweni anali atanyamulidwa kale pangolo kupita kuchipatala, nsagwada ili lende. Amalume analamula kuti achimwene achoke mpunga usanagawidwe, asadzapondenso pakomboni. Amayi anangofunda chitenje kumaso.

Achimwene anawapempherera bambo pompo, okhaokha, msana atautsamiza kukhoma la balani. Ine ndinawanyamulira chikwama mpaka pokwerera kombi, ndipo njira yonse ndinayenda kutsogolo kwawo.