Nsungwi Zanga Pakhonde

Ndinene poyera: amalume anga sindinawakhululukire, ndipo kutchalitchi ndimakhala benchi ina.

Nyumba yathu ili pamalo a amayi anga malemu, kumtunda kwa mtsinje wochokera m'phiri. Chaka cha namondwe uja, madzi anatsika ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe, nadya gombe mpaka pamene panali chimbudzi chathu. Mwana wanga anali asanayambe kukwawa. Lero akuthamanga, ndipo amathamangira komweko. Mitambo ikangoda paphiri, ndimathamanga kukamutenga.

Mvula itatha kunabwera alangizi ndi mbande za nsungwi ndi udzu wa vetiva. Anati tisiye kulima m'mphepete mwenimweni, tidzale zimenezi kuti mizu igwire dothi. Ine sanachite kundikopa. Zomwezo ndinaziphunzira kukoleji, satifiketi yake ili m'sutikesi pamodzi ndi zovala za ubatizo.

Koma pakati pa nyumba yanga ndi madzi pali dimba, ndipo dimbalo si langa ndekha. Ndi la mbumba yonse. Amayi aang'ono, mng'ono wa amayi anga, amalimamo tomato ndi mpiru zomwe amakagulitsa kumsika wa pa Nkando.

Ndinayamba ndapempha bambo a mwana kuti andithandize kukumba maenje. Anakana akumwetulira, ngati ndanena zachibwana. Anati mkamwini amalima chimanga, amafolera nyumba, koma mtengo sadzala, chifukwa tsiku lomwelo anthu adzati akufuna kulanda malo a eni. Ndinawafunsa ngati mwanayonso ndi wa eni. Anatenga njinga napita kuntchito ku esiteti.

Ndiye ndinadzala ndekha, mwana ali kumbuyo. Mzere umodzi wokha, kumapeto kwenikweni, kosaponda ngakhale phesi limodzi la tomato. Ndinkathirira m'mawa uliwonse. Zinagwira bwino, zinayamba kutulutsa timasamba.

Tsiku lina pochokera kusikelo ndinapeza nsungwi zanga zonse pakhonde, zozulidwa, zosanjidwa bwinobwino, mizu mbali imodzi. Kusanja kumeneko ndi kumene kumandipweteka mpaka lero. Amalume anali atakhala pampando pambali pake, chipewa pabondo, kundidikira.

Analankhula mofatsa. Anati kwathu kuno wodzala mtengo ndiye kuti waika malire. Nsungwi zikakula anthu adzati dimba ndi la uje, ndipo ana a amayi aang'ono adzasowa polima. Iwo monga mwini mbumba sangalole mlandu umene udzavute iwo atamwalira.

"Amalume, ine sindikufuna dimba. Ndikufuna nyumba isagwere mumtsinje."

"Lero ukutero, mwana wanga. Nsungwi sizimva zimene unanena podzala."

Ndinapita kwa amayi aang'ono ndi mbande zomwezo m'beseni. Ndinawauza kuti adzale iwo ndi manja awo, zikhale zawo, ine ndizingothirira. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati nsungwi zimabweretsa mthunzi ndi njoka, tomato safuna zimenezo, ndipo anthu a sukulu timaopa madzi ngati mbuzi. Anawonjeza kuti madzi aja anali a Napolo, ndipo Napolo sadutsa njira imodzi kawiri.

Alangizi atabweranso anangowerenga mbande zimene zapulumuka m'mudzi, najambula chithunzi, nakwera galimoto. Palibe anafunsa kuti gombe ndi la yani.

Amene mukuwerenga mwina muti amalume ali ndi mfundo. Ndikudziwa. Ndaona mabanja akudana chifukwa cha mtengo wa mango umodzi. Koma chaka chino amayi aang'ono alima mpaka pamadzi penipeni, ndipo mng'alu watulukira kuseri kwa khitchini yanga, wolowa dzanja.

Sabata yatha ndinapita kwa apongozi anga ku Chitakale kukapempha chipinda cha nyengo ya mvula. Anandilandira bwino, koma ndinaona akazi a pamenepo akuyang'anana. Mkazi wa kuno kusiya malo a amayi ake kukakhala kwa mwamuna, anthu amafunsa kuti walakwa chiyani kwawo.

Afunse. Zovala za mwana ndamanga kale m'chitenje. Nsungwi zija zinauma, ndinakolezera moto.