Kasiponji Kamene Injiniya Anataya

Zoti Injiniya anathiriridwa mankhwala mu tiyi ndi apongozi ake n'zabodza, ndipo amene mukufalitsa musiye. Mayi aja pano akapereka madzi anthu akumakana, pa mlandu woti sanapalamule. Ine ndinalipo, ndinapita kukabwereka ayironi. Tiyi sanaphikidwe n'komwe.

Injiniya mukumudziwa, uja wokonza mafoni pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu. Dzinalo anadzipatsa yekha, sukulu yake palibe anaiona. Chilichonse chimene watsegula, pobwezeretsa pamatsala tizitsulo. Ali ndi chitini chodzaza timasikuluwu, ukamufunsa amati, "A kufakitale amangoika zambiri mowononga." Wailesi yanga anaichotsa tiwiri, mpaka lero imalankhula ukaimenya mbama. Pepala la malangizo sawerenga, akuti ndi la anthu opanda mutu.

Tsono mwana wake wa miyezi inayi anatsekeka mphuno ndi chimfine. Akati ayamwe, mpweya wamuthera, n'kulavula bere, kuyamba kulira. Chiyambire m'mawa osayamwa. Mkazi wake anagula kufamase kachipangizo kokokera mamina: kapaipi kofewa, mbali ina kumphuno kwa mwana, mbali ina kukamwa kwa kholo, pakati kasiponji kotchinga kuti zokokedwazo zisafike kukamwa.

Apongozi anati, "Bweretsani kuno, ndalera ana asanu ndi awiri ine."

"Amayi, izi ndi za mashini," anatero Injiniya. "Inu khalani pampando muzionerera."

Anakamasula, kukaunika pawindo ngati dokotala, n'kutokosola kasiponji kaja ndi pini.

"Bambo a mwana, pabokosipa ajambula kali momwemo," anatero mkazi wake.

"Ndiye wayamba kudziwa kuposa ine? Aka n'kongotetezera paulendo. Kamachepetsa mphamvu."

Anakaponya kuseri kwa kabati.

Mkazi anadontheza timadzi ta mchere m'mphuno mwa mwana, kudikira kuti zifewe, n'kumugwira mutu. Injiniya anagwada, kulowetsa kapaipi, n'kukoka ndi chifuwa chonse ngati akupopa petulo m'thanki. Tinangomva kuti fyoo. Kenako tinaona kholingo lake likukwera n'kutsika. Maso ali tong'o.

Mwana anayetsemula, kugwira bere, n'kuyamba kuyamwa ngati wachokera kuulendo.

"Mphamvu ilipo ndithu, bambo," anatero apongozi, osaseka n'komwe. "Yatsala mbali inayo ya mphuno."

Munthu wamkulu analiyatsa liwiro, kukasanza m'ngalande msewu wonse ukuona. Telala wa pafupi atamufunsa chavuta n'chiyani, iye anagwira pamimba, kuloza kunyumba n'kunena kuti, "Tiyi wa apongozi." Bodza linabadwira pomwepo, pofika madzulo linali litamera mano. Mbali inayo anamaliza ndi apongozi omwewo, atatola kasiponji kuseri kwa kabati, kukatsuka n'kukabwezeretsa.

Zoona zake n'zakuti Injiniya anameza mamina a mwana wake chifukwa anataya kasiponji.