Mpango wa Mbalame Zofiira

Mwajuma ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Madinat Khalifa mumzinda wa Doha, m'banja la ana ambiri ndi makapeti ochuluka kuposa anawo. Anali mayi wamfupi wa ku Ntaja, wosalankhulalankhula, ndipo madamu ake ankamukondera chomwecho. Kunena zoona, kufatsako sikunali kobadwa nako. Kwawo anali mayi wa nthungululu yomveka mpaka kutsidya kwa dambo. Koma munthu ungacheze ndi ndani m'nyumba imene amakukumbukira pokhapokha tiyi akatayikira pansi?

Masana, dzuwa likalusa eni nyumba n'kukagona, iye ankalowa m'kachipinda kake kuseri kwa khitchini n'kutsegula chitini cha mabisiketi. Mabisiketiwo anatha kalekale. Munali singano, ulusi wamitundumitundu, ndi ntchito zoyamba koma zosamaliza: nsalu ya patebulo ya maluwa mbali imodzi yokha, ndi nsalu za mapilo za ukwati wa mwana wake Upile, amene anali asanapeze n'komwe mwamuna. Zimenezi zinkatha kudikira. Chimene sichinkadikira ndi mpango wa a Sumaili.

A Sumaili, amuna ake, ankaimba ng'oma yaikulu ya beni. M'mudzi mwawo anali ndi kachitidwe kawo. Beni ikamayenda mumsewu, pa Idi kapena paukwati, gule akafika pokoma, mkazi wa woimba ng'oma ankalowa pakati n'kumupukuta thukuta kumaso. Mwamunayo manja amakhala ali pang'oma, sangadzipukute yekha. Kufupa aliyense ankafupa, kululutira aliyense ankalulutira, koma nkhope inali ya mwini wake. Mwajuma anapukuta nkhope imeneyo kuyambira ali mtsikana. Atabwera ku Doha anaganiza kuti poti dzanja silifika, mpango uzifika. Chaka chilichonse ankapeta watsopano, wa mbalame zofiira m'makona, n'kupatsira aliyense wopita kumudzi. A Sumaili ankaumanga m'khosi, ndipo anthu ankadziwa kuti mkazi alipo, wangotalikira.

Chaka chimenecho, mpango watsopano uli pakati, Upile anatumiza kavidiyo pafoni. Mwanayo sanaganize zoipa, ankangofuna kuti mayi ake aone gule wa paukwati wina. Fumbi linali koboo, a Sumaili atanenepako, ng'oma ikulira monga kale. Kenako mayi wina wa chitenje chobiriwira analowa pakati, namasula mpango m'khosi mwawo osafunsa, mwa munthu wozolowera, n'kuwapukuta nawo. Mbalame zofiira zinkaoneka bwinobwino.

Mwajuma anaonera kavidiyoko mpaka foni inatentha. Sanaimbe kuti afunse. Akanafunsa chiyani? Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zinamupweteka kwambiri, ndipo chopweteka koposa n'chakuti analibe womuuza. Anachapa mbale, anasita zovala za ana, madamu osaona kusiyana kulikonse.

Koma mpango uja sanausiye. Musandifunse chifukwa chake, akazi a ku Ntaja ali ndi makani awoawo. Mumtima ankati akasiya kutumiza ndiye kuti wavomera yekha kuti malo ake atha. Anapeta mbalame yachitatu, nayimasula poti mlomo unapindika, nayipetanso. Sanapetepo mpango wokongola ngati umenewo.

Ashura, mnzake wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito pahotela ina ku Bin Mahmoud, anali pafupi kupita kumudzi kutchuthi. Anaimbira Mwajuma foni.

"Asisi, flight yanga ndi Sunday. Friday muli pa off, eti? Tikumane kumsika, ku Souq, mundipatse parcel yanuyo, khalas, basi."

"Inshallah, ndibwera," anatero Mwajuma.

Lachisanulo anapeza ku Souq Waqif kuli chikondwerero. Msewu anali ataumangira zingwe, anthu atandanda mbali zonse, mafoni m'mwamba. Ashura anali asanafike. Mwajuma anaima pafupi ndi chingwe, mpango atausunga m'chikwama. Kunadutsa anthu oyenda pamitengo italiitali ngati makanja, kunadutsa ovala zonyezimira, kenako anamva ng'oma. Sinali beni ayi. Anali anthu a dziko lina lakutali, a malaya achikasu, koma ng'oma yaikulu imalankhula m'chifuwa mofanana kulikonse.

Chimene chinamukwiyitsa ndi oonerera. Anthu akuimba mpaka mitsempha kutuluka, wina osagwedeza ngakhale phewa, osalulutira, kungoloza mafoni ngati akujambula ngozi ya galimoto. Kumapeto kwa mzere kunali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu, atakoleka ng'oma yaikulu pamimba. Thukuta linkamulowa m'maso. Ankaphethira, kuyesa kudzipukuta ndi phewa, osafikira. Mwajuma anayang'ana uku ndi uku kuti mkazi wake ali kuti. Panalibe amene anasuntha.

Miyendo inaganiza yokha. Anawerama kudutsa pansi pa chingwe, nthungululu imene inakhala zaka itatsekeredwa inatuluka yonse, ndipo asanadziwe chimene akuchita anali akupukuta nkhope ya mlendo, kuyambira pamphumi kutsikira kundevu, monga ankachitira kwawo. Bamboyo anadzidzimuka mpaka ng'oma inaphonya. Kenako anaseka, naweramitsa mutu, ndipo Mwajuma anam'manga mpangowo m'khosi.

"Yalla, madam, back, back," anatero mlonda wa yunifolomu akumukankhira kuchingwe.

Anthu ankaseka, mafoni onse atatembenukira kwa iye. Kuno gule salowerera, amaonera chapatali. Mwajuma anabwerera pamalo pake manyazi atamugwira, dzanja likadali lonyowa ndi thukuta la munthu amene sankadziwa ngakhale dzina lake. Anatsatira mbalame zofiira ndi maso mpaka zinakhota pakona. Ng'oma zitazilala, anamva kusungulumwa kumene anali asanakumvepo chibwerere, pakati pa chinamtindi cha anthu chonsecho.

Ashura anatulukira akupuma wefuwefu.

"Pepani asisi, traffic yake si yamasewera. Parcel ija ili kuti?"

"Yapita kale."

"Mwapatsira ndani? Si ndine ndikunyamuka?"

"Woimba ng'oma watenga."

Ashura anamuyang'ana kumaso, nayang'ana chikwama chotsegula.

"Nanga a Sumaili akakafunsa za mpango wa chaka chino, ndikawauze chiyani?"

Mwajuma anapukuta dzanja lake pa chitenje, natseka chikwama pang'onopang'ono.

"Mukawauze kuti wa chaka chatha uja ukadali wolimba. Ndinauona ukugwira ntchito."