Tiasilikali ta Amalume

Amalume anabwera kuchokera ku Joni ine ndili Fomu 1, nyengo yokolola nandolo. Anali atakhalako zaka zambiri, akusamalira maluwa pakhomo pa mzungu wina wokalamba. Mzunguyo atamwalira, ana ake anagulitsa nyumba, ntchito n'kuthera pomwepo. Amalume anatsikira pa Namadzi, ndipo katundu wawo yense anakwana pa kabaza mmodzi.

Kwathu munthu akachokera kutali, zimene wabweretsa zimayalidwa pamphasa, ndipo amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, ndi amene amagawa kuti nyumba iliyonse ya pachibale ilaweko. Tsiku limenelo kugawa sikunatenge nthawi. Panali sopo, mafuta ophikira ndi zitenje zingapo. Anthu anathokoza, koma ndinaona ena akusuzumira m'chikwama ngati mwatsala china.

Munalidi china. Masana, anthu atabalalika, amalume anandipeza pakhonde ndikulemba m'kope langa.

"Iwe wosayankhulawe, bwera kuno. Kasambe m'manja kaye."

Anatulutsa bokosi lokulungidwa m'jekete. Linali lolemera kuposa mmene limaonekera. Pamwamba pake panali chithunzi cha mahatchi akuthamanga mu utsi, ndipo m'makona munali mutayera chifukwa chogwiridwagwiridwa. Chivundikiro sichinatuluke msanga. Chinakwera pang'onopang'ono, chikupuma ngati munthu wotopa, kenako panamveka fungo longa la mabuku a mulaibulale.

Pamwamba panali thabwa la pepala lolimba, lopindidwa kangapo. Amalume atalifunyulula linadzaza tebulo lonse. Linali mapu: mitsinje, mapiri, nkhalango, milatho, zonse zitagawidwa m'timabokosi tonga zisa za njuchi. Ndinayendetsa chala mopindikira. Munali mutamatidwa nsalu yakuda kuseri, ndipo ngakhale linali lakale silinang'ambike. Munalinso makadi osalala, koma ukawayang'anitsitsa pakuwala amaoneka ngati olukidwa. Madayisi, tija toponya posewera, anali ndi makona obulungira, ozizira m'manja.

Pansi penipeni, m'thireyi ya pulasitiki yokhala ndi timaenje, munagona tiasilikali. Tinali tating'ono ngati kachala komaliza ka dzanja, tina tofiira, tina tabuluu. Ndinanyamula kamodzi ndikuopa kupuma. Kanali ndi nkhope yeniyeni, ndevu, mabatani pachifuwa, ngakhale kachikwama kumsana. Panali okwera mahatchi, panalinso mizinga ya matayala ozunguliradi. Ndinadabwa kuti pali munthu kwinakwake amene anakhala pansi n'kusema batani loti anthu ambiri sadzaliona.

Sizonse zinali bwino. Thireyiyo inali yopyapyala ngati ya mazira, yosweka kale pakona. Mawu a m'buku la malamulo anali ang'onoang'ono, Chingerezi chake chovuta. Ndipo kamsilikali kamodzi kabuluu kanali ndi mfuti yopindika, yoloza ku phazi lake lomwe.

"Aka kanathyoka?" ndinafunsa chapansipansi.

"Ayi, kanabadwa choncho. Abwana ankati ndi ine ameneyo."

Anandiuza kuti ndi masewera a nkhondo, a anthu akuluakulu. Lamulungu lililonse masana ankasewera ndi mkulu uja. Manja ake atayamba kunjenjemera, amalume ankamusunthira asilikali ake, n'kumadzigonjetsa okha. Ana ake potaya katundu anawauza kuti asankhe chimene akufuna, iwo n'kusankha bokosili.

"Lamulungu ndidzakuphunzitsa," anatero. "Iwe uli ndi manja abwino."

M'mawa mwake anapita ku Ndunde kukapepesa maliro amene anachitika iwo ali kutali. Ine ndinapita kusukulu. Pobwerera, ndisanafike n'komwe kunyumba, ndinaona ana a asuweni anga akusewera pachulu. Mmodzi anali ndi hatchi yofiira m'kamwa. Wina anali atamangirira mzinga kumbuyo kwa galimoto ya mawaya.

Amayi aakulu anali atalipeza bokosilo posesa. Anaona zidole, anaganiza kuti mlongo wawo waiwala kuzitulutsa, ndipo anachita monga amachitira nthawi zonse. Anagawa bwinobwino, mwana aliyense zake, mpaka nyumba za kutsidya kwa dambo. Mapu ndi makadi anazisiya poti ndi mapepala.

"Kako aka," anatero atandiona, akumasula mfundo ya chitenje. "Kanatsala kopindika, koma iwe ndiwe wamkulu, sungalire."

Amalume anafika dzuwa lapendeka. Ndinawaona akutsegula bokosi. Anayang'ana timaenje topanda kanthu kwa nthawi yaitali.

"Achimwene, ana akondwa bwanji!" anatero amayi aakulu ali pakhomo. "Munabisiranji? Anthu amvekere mwabwera chimanjamanja, pamene muli ndi zokongola chotere."

Amalume anayankha kuti, "Mwachita bwino, achemwali."

Chinthu chikagawidwa pamphasa chapita. Akanati ayende m'makomo kukatolera, mudzi wonse ukanati munthu wabwerera ku Joni wopanda kanthu, ndiye akulandanso ana zidole. Anatseka bokosi n'kulikankhira pansi pa bedi.

Masiku otsatira ankapita kumunda, ankaseka ndi anthu, koma akakhala okha manja awo ankasowa chochita. Ine kamsilikali kanga ndinkayenda nako m'thumba la yunifolomu. Ndinaganiza zongowabwezera, koma kamodzi kakanawathandiza chiyani?

Loweruka ndinapeza amayi aakulu akumenya nandolo. Ndinakhala pambali n'kuyamba kuwathandiza kupeta. Mawu ndinali nditawakonza kale, koma anatuluka mosokonekera. Ndinawauza za mzungu uja, za manja onjenjemera, ndi kuti popanda tiasilikali mapu aja ndi pepala chabe.

Anasiya ndodo. "Iii, mwana iwe! Nanga iwowo osanena bwanji? Ali ndi pakamwa pa chiyani?" Kenako anapitiriza kuti, "Koma zimene ndagawa ine sindingakazitenge. Nkhope ndikaiika kuti?"

"Osati kutenga," ndinatero. "Angobwera nato mawa, tikaweruka kutchalitchi. Akatha kusewera aliyense abwerere ndi take."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino. Upite wekha ukawauze. Tione ngati mawu ako amveke kupitirira mphuno yakoyo."

Ine amene m'kalasi ndinkadziwa yankho koma osakweza dzanja, ndinayenda nyumba ndi nyumba. Pakhomo loyamba ndinati odi katatu, osamveka, mpaka galu ndi amene anandilengeza. Kutsidya kwa dambo azakhali ena anandifunsa ngati amalume akufuna kulanda. Ndinati ayi, akufuna asilikali abwere ndi eni ake. Anaseka, nati, "Ndiye nkhondo ya chiyani imeneyo, yoitanirana ngati chinkhoswe?"

Amalume sindinawauze. Lamulungu masana anali pakhonde akusoka nsapato pamene ana anayamba kufika, zovala za kutchalitchi zili m'thupi, tiasilikali tili m'matumba ndi m'zitini. Anaimirira, nsapato ili m'manja.

"Kwagwanji?"

"Abwera kunkhondo," anayankha amayi aakulu. "Tulutsani mapepala anu aja."

Tiasilikali tinali taona zambiri sabata imeneyo. Hatchi ija inali ndi zipsera za mano m'khosi. Kamsilikali kena kanapakidwa kyutekisi wa m'zikhadabo kumutu. Mzinga umodzi unabwera wopanda tayala, ndipo tingapo tinali titasowa m'fumbi. Amalume ankalandira kamodzikamodzi, kukapukuta ndi malaya awo, n'kukaika pamapu. Pamene panaperewera anati nditenge nandolo kumbali yofiira ndi chimanga kumbali yabuluu. Ndinaona kuti pulasitiki yake inali yabwinodi, chifukwa ngakhale totafunidwa tinaima chilili.

Masewerawo sanayende monga mwa buku. Mwana aliyense ankafuna kusuntha wake yekha. Msilikali akafa, mwini wake ankalira, mpaka amalume anakhazikitsa lamulo latsopano lakuti wakufa amangopita kuchipatala, m'mbale imene inali pambali. Tili mkati, amayi aakulu anamasulanso chitenje n'kutulutsa mkulu wa asilikali, wa chipewa cha nthenga, amene anadzisungira kuti akaike m'kabati.

"Uyu ndi wanga. Mumuike kumbuyo, achimwene, asaphedwe."

"Achemwali, mkulu wa nkhondo sabisala."

"Wangayu amabisala. Ali ndi ana."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka choncho chibwerereni.

Kanga kopindika mfuti anakaika pamlatho. Sikanaphe aliyense, koma sikanapitenso kuchipatala.

Dzuwa litafika pamitengo, aliyense anatola take. Panali kukangana pang'ono za hatchi, kenako bwalo linatsala lokha. Amalume anayang'ana thireyi yopanda kanthu ija, n'kuibwezera m'bokosi momwemo. Ndinawapatsa kamsilikali kanga kuti mukhaleko kamodzi.

"Ayi, ndi kako. Ubwere nako Lamulungu, ngati anzako."

Anandilola kupinda mapu. Anandionetsa mbali yoyambira kuti nsalu yakuseri isatope, ndipo ndinapinda pang'onopang'ono iwo akuyang'ana. Njere imodzi ya nandolo inatsalira mopindikira. Anaichotsa ndi chikhadabo n'kuiponya m'kaenje kamodzi ka thireyi.