A Bauleni, ovundukula mapoto a eni

Mukafunsa amayi ophika zakudya kuseri kwa msika waukulu wa Lilongwe za a Bauleni, akuuzani kuti ndi munthu wotumidwa. Akuti amalowa ngati kasitomala, n'kupempha kuona kukhitchini, n'kuvundukula poto wa nyemba, n'kununkhiza, kenako n'kutuluka osadya. Akuti mpweya umene amakokawo ndi umene umakawa makasitomala kupita nawo kwa amene anawatuma. Umboni akuti ulipo: kwa mayi wina pafupi ndi depoti anakavundukulako Lachiwiri, pofika Loweruka mpunga unagona m'poto, ndipo lero pamalopo akugulitsa matayala akale.

Zovundukulazo n'zoona, ndinaona ndi maso angawa. Zotsalazo ndi bodza la masana. Mayi wa kudepotiyo sanachite kukawidwa, mpunga wake unali wa miyala. Ine ndinasiyako dzino.

A Edwell Bauleni ndi asuweni anga, choncho kuwanyoza ndi udindo umene ndinabadwa nawo. Ine ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika. Iwo kwawo ndi ku Nsaru. Anabwera m'tauni ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kudzathirira maluwa a anthu, ndipo kuphika anaphunzirira pawindo, payipi ili m'manja, maso ali kukhitchini. Tsiku lina khukhi wa pamenepo analedzera, iwo analowa, ndipo mpaka lero sanatulukemo. Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano akuphikira banja limodzi ku Area 10. Ndi aafupi, malaya amamanga mpaka batani la pakhosi, ambulera sasiya ngakhale mu Okutobala. Chuma chawo chonse ndi mphuno. Amadziwa lero kuti mkaka usasa mawa.

Ku Area 10 kumeneko amagona kuseri, m'kachipinda ka antchito: bedi, wailesi, mbaula, basi. Lamulo la bwana ndi lakuti mlendo wa wantchito amathera pageti. Akazi awo enieniwo akafuna kubwera kuchokera ku Nsaru, amayamba apemphedwera sabata yathunthu. Ine zaka zonsezi chimene ndaonako ndi geti ndi mano a galu.

Mlongo wawo atamwalira anasiya mtsikana, Lonely. A Bauleni ndiwo anamulera, kumuphunzitsa mpaka anapeza ntchito pafamase ina ku City Centre. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Lughano, mnyamata wa ku Karonga. Mbumba ndi yawo, ndiye unkhoswe unagwera iwo.

Uthenga unabwera ndi Lughano yemweyo, atawapeza a Bauleni pakhonde langa lija. Nkhoswe ya kuchimuna, a Mwakibinga, adzafika pabasi pakatha masabata awiri, Lamlungu m'mawa, adzabwerera tsiku lomwelo madzulo.

"Koma amalume, pali chinthu chimodzi," anatero mnyamatayo akupotokola chisoti m'manja. "A Mwakibinga ndi mkulu wa mpingo wopemphera Loweruka. Zaka makumi atatu sanalawe nyama, nsomba, ngakhale msuzi wake. Ndiponso ukwatiwu sakuukondwera, ankafuna mtsikana wa mumpingo mwawo. Achimwene anga ankafuna kukwatira ku Kasungu. A Mwakibinga atapita kumeneko, anawaphikira nyemba zoponyamo fupa. Iwo anangotenga chipewa. Mtsikana uja pano ali ndi ana awiri ndi mwamuna wina."

"Ndiye akatenga chipewa?" anafunsa a Bauleni.

"Nkhani yatha, amalume. Kwathu palibe wowatsutsa."

Panalinso china chimene mnyamatayo sankadziwa. Lonely anali atauza a kuchimuna kuti amalume ake amakhala ku Area 10. Sananame mwanayo. Galu uja nayenso amakhala ku Area 10.

Mwina mufunsa kuti munthu khukhi, bwanji osangophika yekha? Lamlungu m'mawa bwana amakhala ndi alendo, a Bauleni amamasulidwa belu la masana litalira. Ndipo poto wotuluka pageti la bwana dzina lake ndi kuba, ngakhale nyembazo utagula wekha. Panafunika malo odyera, aulemu, opanda nyama. Anali ndi masabata awiri, ndipo tsiku lililonse maola awiri okha a masana, bwana akagona.

Anayambira ku City Centre, m'malo aja a makoma a magalasi. Zopanda nyama zinalipo ndithu: masamba osaphika atasanjidwa m'mbale ngati a mbira. Anawerenga mitengo, n'kupukuta magalasi awo, n'kuwerenganso, n'kuthokoza. Kwa amwenye ku Old Town anapeza ndiwo zabwino zosakhudzana ndi nyama, koma tsabola wake anawatulutsa misozi, ndipo Lughano anali atanena kuti tsabola nayenso mkuluyo sadya. Basi anatsikira kumsika, kwa anthu a msinkhu wa thumba lawo.

Apa m'pamene panali vuto. Nyemba zili paliponse. Koma pena mafuta ake anali okazingira nkhuku dzulo. Pena supuni yomwe yachoka m'poto wa mbuzi ndi yomwe ikulowa m'nyemba. Ndipo paliponse panali kamsuzi kaja. Inu mukudziwa mmene timachitira kuno kwathu. Munthu akaitanitsa nyemba zokhazokha, wophika amamva chisoni, amati bamboyu zamuvuta lero. Ndiye mwakachetechete amatunga kamsuzi ka nyama n'kutsira pamwamba, kuti munthu asachite manyazi pamaso pa anzake. Si chipongwe, ndi chifundo. Ukakana, amayesa ukuopa kulipira, amathiranso kena.

Asuweni anga akanatha kufotokoza. Koma nkhani ya ukwati sailengeza isanapse, komanso afotokoze bwanji osaulula kuti alibe nyumba yolandiriramo alendo? Ankangovundukula, kununkhiza, kupukusa mutu, "zikomo mayi", ulendo. Malo khumi ndi anayi. Inunso mukanawaganizira chiyani?

Lachinayi la sabata yachiwiri ndinamva phokoso kuseri kwa msika, ndipo wina anandikuwira kuti m'bale wako uja amugwira. Ndinathamanga nsapato ya kasitomala ili m'manja. Ndinawapeza atawapanikizira kukhoma. Amayi oposa khumi, wina atanyamula poto wa madzi otentha. Amuna awiri a kubutchala anabwera ndi ma epuloni awo a magazi.

"Wakutuma ndani?"

"Msecheni m'matumba!"

"Kwanga anavundukula Lolemba, nkhuku zatsala ziwiri zathunthu!"

M'matumba anapezamo mpango, makiyi ndi mankhwala a mutu. Wina anati mankhwala ake ndi amenewo. Ine ndinayesa kunena kuti munthuyu ufiti sangauthe, ngakhale njinga imamukanika, koma palibe anaseka. Madzi aja anayandikira. A Bauleni anangoima, ambulera atakumbatira pachifuwa.

Anawapulumutsa ndi mayi Esnati, mayi wamkulu thupi amene ali ndi kalesitilanti ka matebulo atatu kumapeto kwa mzerewo. Anawagwira pamkono ngati mwana wothawa sukulu.

"Kwanga sanafikeko. Ndimufunse ndekha. Akandikawa ndikuitanani."

Anatikokera mkati n'kutseka chitseko. Mmenemo ndi mmene a Bauleni anaulula zonse, nkhope ili pansi. Mayi Esnati anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Alendo a ukwati, ochokera ku Karonga konse kuja, opanda nkhuku? Bambo, mukufuna akatinene kuti Achewa ndi oumira?"

"Mayi, chonde. Mpunga, nyemba, nkhwani wotendera. Poto watsopano ndigula, supuni yatsopano, mafuta osatsegula."

"Ndamva."

"Ngakhale kadontho, mayi."

"Ndati ndamva. Ndinayamba kuphika inu mukuthirira maluwa."

Lamlungu ananditenga ine ngati nkhoswe yaing'ono, chifukwa jekete ndili nayo. Bwana anawachedwetsa, moti anafika thukuta lili kamukamu nthawi yomwe Lughano ankafika ndi mlendo kuchokera kudepoti. Mpata wolowa kukhitchini panalibe. Lonely ndi Lughano anatsala panja, tsidya la msewu, monga mwa mwambo.

A Mwakibinga anali aatali, owonda, suti yakuda, chipewa chotuwa. Anayang'ana denga la malata, matebulo atatu, kalendala ya chaka chatha.

"Ndimayesa tikupita ku Area 10."

"Tati musatope ndi maulendo, bambo. Depoti ili pafupi," anatero a Bauleni.

Mlendoyo anakhala pansi, chipewa n'kuika pabondo, osati pabenchi. Pakhomo ndi pawindo panali nkhope za amayi aja a Lachinayi, atabwera kudzaona mmene mnzawo akawidwire.

Mayi Esnati anabweretsa madzi osamba m'manja atagwada, kenako mbale. Mpunga woyera, nkhwani, nyemba zonyezimira zokongola. Mlendo anati tipemphere. Pemphero lake linayambira ku Karonga, kudutsa Chiweta, kuima pang'ono ku Mzuzu. Ine chakudya chikakhala patsogolo sinditsinzina maso onse awiri. Ndiye ndinaona. Maso a asuweni anga anali otseka, koma mphuno inali kugwira ntchito. Inakoka kamodzi. Inakokanso. Nkhope yawo inasanduka phulusa.

"Ameni."

A Mwakibinga anatenga supuni, natunga nyemba. Supuni isanafike pakamwa, dzanja la a Bauleni linagwira mkono wawo, linalo linakoka mbale. Nyemba zinatayikira pasuti yakuda ija.

Pawindo wina anati, "Mwaona? Mwaonatu?"

Mlendo anayang'ana suti yake nthawi yaitali. Kenako dzanja linapita pachipewa. Tsidya la msewu ndinaona Lonely atagwira pakamwa.

"Bambo," anatero pang'onopang'ono, "kwathu mbale ya mlendo salanda, ngakhale mlendoyo akhale mdani."

"Ngakhale kwathu, bambo. Koma m'nyembamu muli msuzi wa nkhuku."

Mayi Esnati anatulukira kukhitchini ngati awaponda.

"Masupuni awiri okha! Nyembazo zinali zotuwa ngati za kundende. Munthu wayenda usiku wonse, wabwera kudzapempha mwana wathu, ndiye ndimuikire zimenezo pamaso pa anzanga onsewa? Nkhukuyo ndapha yangayanga, sindinakuuzeni kuti mulipire!" Misozi inali m'maso, ya mkwiyo. "Ndiponso akanadziwa ndani?"

"Ine," anatero a Bauleni.

A Mwakibinga anali ataimirira kale, chipewa chili m'manja.

"Funso limodzi. Nyumba muli nayo ku Area 10. Mwandibweretseranji pamalo ogulitsa zakudya, pamene simukudziwa zimene zili m'poto? Kapena ife a kumpoto sitiyenera mipando yanu?"

Ine ndinali nditakonza kale bodza labwino, la mapaipi ophulika. Asuweni anga anandiponda phazi.

"Ndilibe nyumba ku Area 10, bambo. Ndine khukhi. Ndimagona kuseri kwa nyumba ya bwana, ndipo mlendo wanga saloledwa kudutsa geti. Mwana uyo ali panjayo ndamulera ndi mapoto a eni. Masabata awiri ndayenda m'tauni muno kufuna poto umodzi umene mungadye. Ndalephera. Kulakwako n'kwanga, si kwa mwanayo."

Wailesi ya ogulitsa matayala inkamveka kutali. A Mwakibinga anakoka mbale ya nyemba ija, naiyandikiza kumphuno. Ananunkhiza kawiri.

"Ine sindikumva kanthu," anatero. "Ndikanadya zonse. Ndikanathokoza."

Kenako anatembenukira kwa mayi Esnati.

"Mayi, mumpungamu muli chiyani?"

"Madzi ndi mchere."

Sanawakhulupirire. Anakankhira mbale kwa a Bauleni. Iwo ananunkhiza, nagwedeza mutu kuvomera. Anakankha ya nkhwani. Ananunkhiza, natseka maso, napukusa mutu: supuni inali imodzi ndi ya nkhuku. Mayi Esnati anayang'ana kudenga.

Mkuluyo anakhalanso pansi. Chipewa anaika pabenchi.

Tsiku limenelo tinadya mpunga wopanda ndiwo ndi nthochi zimene Lughano anathamangira kukagula. Fungo la nkhuku linkachokera kukhitchini kudzandiseka. Mlendo anadya mwakachetechete, anangonena kamodzi kuti mpunga wa kuno ndi wachisoni. Sanamwetulire ngakhale pang'ono. Koma anasamba m'manja kachiwiri, ndipo nkhani imene anabwerera tinaikamba mpaka kumapeto. Podzuka anati, "Tibweranso mwezi wa mawa ndi anthu. Osati kuno. Kumudzi kwanu ku Nsaru. Ndipo muphike nokha."

Nkhuku ija inadyedwa ndi amayi a pawindo.

Mukuganiza kuti mphekesera inatha? Inanenepa. Pano akuti a Bauleni analanda mbale chifukwa mankhwala anagwera munthu wolakwika. Akuti mayi Esnati ndi amene anawatuma, n'chifukwa chake anawabisa tsiku lija. Amene akunena zimenezi ndi omwe anamva zonse ndi makutu awo, mafupa a nkhuku ali m'manja.

Sabata yatha a Bauleni anabwera pakhonde langa ndi nsapato yong'ambika kuphazi, yomweyo imene anayendera malo khumi ndi anayi. Ndinawauza zonse, ndi zokometsera zanga, kuti mwina apse mtima ndiseke.

"Asuweni, akuti ndinu katswiri wokawa makasitomala. Bwanji osandikawirako a uyo wosoka nsapato pakonayo?"

Anavula nsapato, naiika patsogolo panga, napondetsa phazi pa katoni.

"Ndikanakhala ndi mankhwala oterowo, bwenzi ndikugona kuseri kwa nyumba ya munthu mpaka imvi? Kawauzeni azitsuka masupuni."