Fanwell wa Fesiteidi ndi Apongozi Ake

Fanwell Sakala anafika m'Kafue kuchokera ku Petauke mbendera itangosintha kumene pa nthawi ya ufulu, atanyamula sutikesi yamalata ndi ulemu wochuluka kuposa msinkhu wake. Anali kamunthu kakafupi, makutu otambalala ngati zogwirira poto. Mafakitale atayamba kuchuluka, anapeza ntchito komwe ifenso tinkathyokera misana, kosoka matumba a feteleza. Anakwatira Lilly, mtsikana wa kwawo komweko, ndipo amake Lilly, Ba Felistus, ankaphika tiyi mu kantini ya pafakitale pathu.

Mkamwini ndi apongozi pantchito imodzi: ife tinkaonera ulere. Akawaona akubwera, Ba Fanwell ankapatuka mpaka kulowa m'ngalande, n'kunjuta, n'kumaomba m'manja nkhope ili kumpanda. Mayiwo nawonso ankakoka chitenje kubisa maso. Tiyi Fanwell ankachita kutuma anzake kukamutengera, ati mkamwini satafuna pamaso pa apongozi. Tinkamuuza kuti kuno ndi kutauni, iye ankangoti tauni sinamubale.

Chaka china makina anadula zala za munthu, mabwana anachita mantha n'kuitanitsa mphunzitsi ku Lusaka kuti aphunzitse za chitetezo pantchito ndi fesiteidi, chithandizo choyamba kwa wovulala. Anasankha amuna okhaokha, ati ife azimayi tikangosekako. Fanwell ndiye anapambana onse. Anabwerako ndi kansalu komanga pamkono ndi wezulo, ndipo kuyambira pamenepo tinasowa mtendere. Ukakhala pa ndowa ya mchenga wozimira moto, wezulo. Tsitsi likatuluka m'duku pafupi ndi makina, wezulo. Belu loyeserera ngozi likalira, ankatithamangitsa kukafola pansi pa mtengo wa mango ngati ana a sukulu, ngakhale Ba Mainess amene mimba inali itafika kukhosi.

Koma chimene ankanyadira zedi chinali kuuzira mpweya munthu wosiya kupuma. Mphunzitsi anasiya chidole champhira choyeserera, ife tinachitcha Ba Gwendolyn. Pa nthawi yopuma ankachigoneka pathebulo, kuchitsina mphuno, kuika pakamwa pake. Tinkamufunsa ngati Lilly akudziwa za mkazi wachiwiriyu, nanga malobolo anapereka kwa yani. Iye osaseka. Ankati tsiku lina mmodzi wa ife adzadzuka ndi mpweya wake, adzachita manyazi.

Tsiku lake linabwera m'dzinja, m'mawa. Denga la kantini linkadontha, pansi panali madzi, ndipo Ba Felistus anagwira chithini chamagetsi chowiritsira tiyi. Tinamva makapu akusweka. Titalowa tinawapeza atamatirira pachithinipo, thupi lonse likunjenjemera.

Ndinene zoona, Fanwell anachita bwino poyamba. Anatiletsa kuwagwira, anathamangira kukhoma n'kuzimitsa magetsi, anakankha waya ndi mtengo wa tsache. Mayiwo anagwa chagada. Anatibweza m'mbuyo kuti papite mphepo, anagwada, anayang'ana chifuwa n'kunena yekha kuti sakupuma. Tonse tinkadziwa chotsatira, tinachiona kambirimbiri pa chidole chija: kumasula bulauzi, kupendeketsa mutu, pakamwa ndi pakamwa.

Manja ake anafika pafupi ndi khosi lawo, n'kuima. Anaimirira. Anatembenukira kukhoma.

"Ba Ennie, bwerani. Muzichita zimene ndikuuzani."

Ennie anali wotsuka mbale, maphunziro aja ankangoonera pawindo. Mwamuna wina wophunzitsidwa, Whiteson, anali atapita ndi lole ku sitesheni. Ennie anagwada akulira, Fanwell akulamula ali chopenya khoma: tsinani mphuno, uzirani, dikirani, uziraninso. Mawu ankatuluka bwinobwino ngati mphunzitsi wa ku Lusaka. Koma sankaona kuti mutu sunapendeke, mpweya ukungothawira m'mbali. Ife tinkaona, koma sitinadziwe kuti ndi kulakwa.

Ba Mainess anamukoka malaya. "Ba Fanwell, amai anu aba. Agwireni."

"Ni apongozi," anatero, misozi ikugwera pa ovolosi.

Galimoto ya kampani itafika nawo kuchipatala, anali atamwalira kale. Namwino anati mwina sakanadzuka ngakhale akanawauzira dokotala. Mwina. Mawu amenewo Fanwell sanawalandire.

Pamaliro, madoda a kwawo kum'mawa anamutamanda. Ati mwana woleredwa bwino, tauni sinamuwononge, ngakhale pa imfa sanavule apongozi ake. Anamupatsa malo apatsogolo ponyamula bokosi. Ankati akamuyamikira, iye n'kumawerama ngati akumumenya.

Lilly anadikira anthu atabalalika kuti alankhule ndi mwamuna wake. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mapoto a pamaliro, ndipo makutu anga sagona.

"Atate ake Lemmy, ulemu wanu ndauona. Chidole munachipatsa mpweya chaka chonse. Amai anga munawapatsa msana."

 

Mabwana anakonza denga sabata yomweyo, ngati malata anali asanapangidwe kale. Mphunzitsi anabweranso, ndipo ulendo uno anatiitana ifenso azimayi. Palibe anaseka. Anapempha Fanwell kuti athandize kutionetsa, iye anavula kansalu kaja n'kukasiya pathebulo la kapitawo, ati apatse wina amene alibe apongozi. Mwezi usanathe anasiya ntchito.

Lilly sanamusiye monga ena amanenera. Anasamukira limodzi ku Shimabala, komwe amalima repu ndi tomato n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Amamuphikira, amamuchapira, ana anakula bwino. Koma ndinawachezera chaka chatha, ndipo ndinaona Lilly akumuikira nshima pakhonde, n'kutenga mbale yake kukadyera kuseri kwa nyumba. Oyandikana nawo akuti ndi mmene amadyera chiikireni maliro aja.